Za Bwalo Lalikulu la ku Lilongwe ndi Mabwalo Athu a ku Nathenje

Palibe mudzi m'dziko lino la Achewa umene ulibe bwalo lake. Inu owerenga athu a ku Nathenje, a ku Mitundu ndi a m'midzi yonse yozungulira phiri la Bunda mukudziwa bwino lomwe kuti bwalo siligwira ntchito imodzi. M'mawa mfumu ndi nduna zake amakhala patsinde pa kachere naweruza mlandu wa mbuzi imene yadya chimanga cha mwini. Madzulo anyamata amathamangitsana ndi mpira wachikulunga kufikira mdima utawabalalitsa. Mwezi ukawala atsikana amavina chimtali, ndipo tsiku la zovuta mudzi wonse umasonkhana kudzamva mwambo wa maliro. Palibe munthu amene anakhala pansi kulemba lamulo lakuti zizitero. Makolo anangoona kuti malo osesedwa bwino, okhala pakati pa mudzi, sayenera kugona ulesi.

Tsono zaka zino akuluakulu a m'mizinda, kwathu kuno ndi kunja komwe, ayamba kulankhula mawu amene kwa iwo ndi atsopano. Akuti bwalo la mpira lisamakhale la mpira wokha, koma likonzedwenso kuti muzichitika masewera a mitundumitundu, zoimbaimba, maukwati, misonkhano ndi malonda. Ife titamva zimenezi tinapangana kuti tikaone ndi maso athu, pakuti Lilongwe sali kutali, ndiponso ndalama zomangira zinthu zotere zimachokera m'matumba mwa tonsefe.

Tinanyamuka pa Nathenje m'mamawa, m'nyengo yozizira, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Tinalipo asanu ndi mmodzi pa galimoto ya mnzathu, ndipo pakati pathu panali mkulu wina wa imvi, amene pa unyamata wake ankapita ku Lilongwe pa njinga, pamodzi ndi mdzukulu wake, mnyamata wa sukulu wokonda mpira. Kuchokera pa Nathenje kukafika mumzinda, potsata msewu wa M1, pali makilomita oposa 20. Kale munthu ankayenda mtunda wonsewo akuona minda yokhayokha ndi midzi ya apo ndi apo. Lero, makamaka mukayandikira pa Nanjiri ndi kupitirira, minda yambiri yadulidwadulidwa kukhala mapuloti, ndipo mipanda ya njerwa yaima pamene panali mizere ya mtedza. Mipanda ina ilibe ndi nyumba yomwe m'kati mwake: mwini wake anagula malo, namanga mpanda, nabwerera ku tauni kukadikira kuti mtengo ukwere. Mipanda imeneyi muisunge mumtima, chifukwa ili ndi mbali yake pa nkhani yathu.

Pa mphambano ya ku Bunda, pamene anzathu a ku Mitundu amatulukira, tinasiya njira yolowa ku Biwi ndi ku Mchesi, ndipo tinatsata msewu wolambalala mzinda chakumadzulo, umene umadutsa njira ya ku Likuni nukafika pa msewu wa ku Mchinji. Kuchokera pamenepo msewu wa Kaunda unatitengera chakumpoto, ndipo posakhalitsa tinaona madenga awiri aakulu opindika ngati uta, atayang'anizana pamwamba pa nyumba zonse za m'deralo. Limenelo ndilo bwalo la Bingu, ku Area 48, moyandikana ndi nyumba zothithikana za ku Mtandire.

Mbiri yake njotere. Kumapeto kwa chaka cha 2007 boma la Bingu wa Mutharika linapalana ubwenzi ndi boma la China, ndipo mwa zipatso za ubwenziwo munatuluka nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga ndi Chitipa, sukulu ya ukachenjede ya ku Ndata ku Thyolo, ndi bwalo limeneli. Panali kukokanakokana poyamba, ena akufuna kuti limangidwe ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ndipo Bingu anamwalira mu April 2012 asanaone khoma lake. Ntchito inagwirika mu ulamuliro wa Mayi Joyce Banda ndi kupitirira, omanga ake ali a kampani ya ku China ya chigawo cha Anhui. Pa 28 January 2017 pulezidenti Peter Mutharika analitsekulira, ndipo tsikulo timu ya dziko lathu inasewera ndi timu ya mumzinda wa Guangzhou. Muli mipando yokwanira anthu oposa 41,000. Mtengo wake unali madola a ku America pafupifupi 70 miliyoni, ndipo ndalamazo sizinali mphatso ayi, koma ngongole.

Mawu akuti ngongolewa tiwaimire pang'ono. Ngongole ya kunja sibwezedwa ndi makwacha, koma ndi ndalama zakunja, ndipo gawo lalikulu la ndalama zakunja za dziko lino limachokera ku fodya amene alimi a ku Mitundu ndi anzawo amakagulitsa ku Kanengo, ndiponso ku mbewu zina za m'minda mwathu. Msonkho umene timasiya m'sitolo pogula katundu umathandizanso kulipira alonda ndi magetsi a pamalopo. Potero mayi amene sanapondepo ku Area 48, ndipo mwina sadzapondako, ali ndi njerwa yake m'khoma limenelo. Nchifukwa chake sitichita manyazi kufunsa mmene bwalolo likugwirira ntchito, monga mwini munda afunsa amene anamubwereka khasu.

Titalowa m'kati tinakhala chete kanthawi. Mipando yakwera mizeremizere ngati mizere ya m'munda wa paphiri, ndipo munthu woima pamwamba penipeni amaoneka ngati nyerere. Pozungulira pali njira ya othamanga, ya mamita 400, yoyalidwa ndi chinthu chofewa ngati mphira. Pakati mpamene pali kapinga. Bwalo la mpira la masewera a mayiko limakhala la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, ndiye kuti silikwana ndi maekala awiri omwe. Mkulu uja atamva zimenezi anaseka, nati kwa mdzukulu wake: "Iwe, munda wa agogo ako aakazi kudambo kuja ukuposa pamenepa." Mnyamatayo anayankha mwaulemu: "Zoona agogo, koma kumeneko kulibe amene amalipira pakhomo kuti adzakuoneni mukulima."

Komatu kamunda kameneka nkolira kuposa dimba lililonse. Kuyambira mwezi wa May kufikira mvula itagwa kapinga amafuna kuthiriridwa kosalekeza. Amafuna feteleza, kumwetedwa ndi makina, kuzulidwa udzu wachilendo, ndi kupumula akapondedwa. Pamwamba pake pali nyali zazikulu zimene zimadya magetsi ochuluka usiku umodzi, pansi pake pali zimbudzi ndi mipopi yosawerengeka, ndipo kunja kuli mpanda wofuna alonda usana ndi usiku, pakuti akuba mawaya ndi zitsulo sagona. Zonsezi zimadya ndalama tsiku ndi tsiku, kaya kuli mpira kaya kulibe. Nyuzipepala zinalemba kangapo konse za ngongole za magetsi ndi madzi pa bwaloli. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Matopewo anaoneka poyera mu 2021. Bungwe loyendetsa mpira mu Africa, la CAF, litayendera mabwalo athu, linapeza kuti palibe ndi limodzi lomwe loyenera masewera a mayiko, ngakhale la Bingu limene linali litangotha zaka zinayi chitsekulireni. Kapinga wake anali ataonongeka. Motero anyamata athu a Flames anakalandirira alendo awo ku Orlando Stadium, ku Johannesburg, ndipo nkumeneko kumene anagonjetsa Mozambique ndi chigoli chimodzi mu September chaka chimenecho. Taganizani, mwini nyumba yatsopano kukaphikira alendo ake kwa eni, kutali ndi kwawo, nalipira ndege, chakudya ndi pogona! Chimene chinasowa sichinali simenti kapena zitsulo, koma madzi, feteleza ndi dzanja la munthu wosamala.

Kapingayo atakonzedwa, zinthu zinatembenuka, ndipo tiyenera kunena zabwinozo monga tanenera zoipa. Pa 5 June 2022 Malawi inagonjetsa Ethiopia 2 kwa 1 pa bwalo lomweli, ndipo patapita masiku anayi Aitiyopiya omwewo, posowa bwalo lovomerezeka kwawo, analandirira Egypt kuno ku Lilongwe naigonjetsa 2 kwa 0. Mu March 2023 Mohamed Salah, amene anyamata athu amangomuonera pa kanema m'zisakasa za pa Nathenje, anaponda kapinga ameneyu ndi mapazi ake, ngakhale kuti tsikulo anatilongeza zigoli zinayi. Mu June 2024 dziko la Kenya, mabwalo ake a ku Nairobi ali pa kukonzedwa, linabwera kudzalandirira Burundi ndi Côte d'Ivoire kwathu kuno. Amene tinkapempha pogona tinasanduka obwereketsa nyumba, ndipo nyumba za alendo, oyendetsa galimoto ndi amayi ogulitsa zakudya anaonako phindu.

Koma werengani masiku. Chaka chili ndi masiku 365, ndipo masewera odzaza bwalo lotere mungathe kuwawerenga pa zala. Masiku ena onse mipando 41,000 ija imangosonkhanitsa fumbi. Apa mpamene pagona nzeru imene tinapitira kukaona. Pansi pa mipando pali zipinda zambiri, ndipo zina mwa izo anthu amabwereka kuchitiramo malonda, maofesi, misonkhano ndi madyerero a ukwati. Oimba ndi alaliki amabwerekanso malowo pa masiku awo. Ndalama zimenezi nzochepa poyerekeza ndi za tsiku la Bullets ndi Silver Strikers, koma zimabwera sabata ndi sabata, monga mazira a nkhuku amene amagulira mchere pamene fodya asanapite ku msika. Ndiponso nyumba imene muli anthu tsiku lililonse siibedwa msanga, ndipo mpopi ukaphulika pamapezeka woona.

Ntchito zina za bwaloli palibe amene anazilingalira pomanga. Mu January 2021, mliri wa Covid-19 utakula ndipo zipatala zitadzaza, boma linasandutsa zipinda za pamenepa kukhala chipatala chapadera, ndipo pamalo omangidwira chisangalalo panagona odwala opuma movutika. Ndipo pa 11 June 2024, tsiku lomwe Kenya inkasewera ndi Côte d'Ivoire, ndilo tsiku limene dziko linamva kuti ndege yonyamula wachiwiri kwa pulezidenti, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu yapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, popanda wopulumuka. Patangopita masiku asanu, pa 16 June, mtembo wake unalowa m'bwalo lomwelo, anthu atadzaza kudzalira, ndipo madzulo ake unadutsa pa Nathenje pano kupita ku Nsipe, ambiri a inu mutaima m'mbali mwa msewu. Sabata imodzi, malo amodzi, mpira ndi maliro: mzinda unachita chimene mudzi wakhala ukuchita chiyambire.

Musaganize kuti ntchito zambirizi zimagwirizana zokha popanda mkangano. Kapinga amene akufunidwa ndi osewera mpira ndi yemweyo amene amafa anthu zikwizikwi akavinapo usiku wonse, kapena akakhomapo mahema ndi nsanja. Ndalama za usiku umodzi wa zoimba zingathe kuononga udzu wa miyezi itatu, ndipo oyendera a CAF sadzamva zakuti kunali phwando. Mayiko olemera athana ndi vutoli mwa njira zodabwitsa. Ku Madrid, pokonzanso bwalo la Santiago Bernabéu, anapanga kuti kapinga azigawika m'zigawo ndi kutsikira m'dzenje lakuya pansi pa nthaka, mmene amathiriridwa ndi kuunikiridwa ndi nyali, pamene pamwamba anthu akuvina. Koma ngakhale kumeneko, mu September 2024, zoimbaimba zinaimitsidwa chifukwa anthu okhala pafupi anadandaula ndi phokoso. Ife tilibe chuma chokumbira dzenje lotere. Chimene tingathe ndi chimene mfumu iliyonse imadziwa: kugawa masiku, kutchinga pamene payenera kutchingidwa, ndi kukana wobwereka amene sadzabweza chinthu chili bwino, ngakhale akhale munthu wamkulu.

Pambali pa bwalo la Bingu paima nyumba ina yaikulu yofoleredwa, ya masewera a m'kati, yotchedwa dzina la Griffin Saenda, mphunzitsi amene anatsogolera atsikana athu a Queens zaka zambiri pa mpira wa manja. Inamangidwa pokonzekera masewera a achinyamata a mayiko khumi a kumwera kwa Africa, amene anachitikira ku Lilongwe mu December 2022, ndipo alendo anafika ntchito zina zisanathe. Nyumba imeneyi tinakondwera nayo koposa. Atsikana a dziko lino anafika pa nambala 5 pa dziko lonse lapansi mu 2007 ku Auckland, pamene kwawo ankaphunzirira pa simenti ya panja, padzuwa ndi pamvula, anzawo a ku Australia ndi England akusewera pa matabwa osalala. Kunali koyenera kuti apatsidwe denga. Ndiponso nyumba yofoleredwa ndiyo imene imathadi kugwira ntchito zambiri, pakuti ilibe udzu woti ufe: lero mpira wa manja, mawa nkhonya, mkuja kwaya kapena msonkhano.

Pa masewera omwewo anakonzanso malo akale a Kamuzu Institute, amene m'masiku a Kamuzu Banda anali a achinyamata, namangapo dziwe losambiramo la mamita 50, la muyezo wa mipikisano ya mayiko. Tinadutsako masana. Madzi a dziwe lotere amafuna mankhwala ndi makina owasefa kosalekeza, apo ayi amasanduka obiriwira ngati chithaphwi cha achule. Funso limene tinafunsana pamenepo ndi ili: kodi mwana wa ku Kawale, amene amaona mpanda wake tsiku ndi tsiku, adzaphunzira kusambira m'menemo? Nanga wa ku Mitundu, amene amawoloka mitsinje yodzaza popita ku sukulu m'mwezi wa February? Ngati sukulu za boma zitapatsidwa masiku awo pa mtengo wochepa, dziwelo lidzapulumutsa miyoyo. Likakhala la ana a anthu olemera okha, ndiye kuti osauka akulipira ngongole ya chinthu chimene amangochisuzumira.

Tsopano tifike pa nkhani yowawa, imene tikupempha abambo ndi amayi kuti muiwerenge mofatsa. Pa 6 July 2017, dziko likukumbukira zaka 53 za ufulu, kunakonzedwa mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers pa bwalo la Bingu, kulowa kwaulere. Anthu anayamba kusonkhana kusanache, ambiri a iwo ana. Zipata zinachedwa kutsekulidwa ndi maola angapo, khamu linakula, linayamba kukankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo pa chipwirikiticho anthu asanu ndi atatu anafa, asanu ndi awiri mwa iwo ali ana. Ena ambiri anavulala. Bwalolo linali lisanathe ndi theka la chaka lomwe. Tinaima pa chimodzi cha zipatazo, tinayeza kupapatiza kwake ndi maso, ndipo mkulu uja anavula chipewa.

Amene akufuna kuti bwalo lizidzaza kawirikawiri ayenera kudziwa kuti khamu lililonse ndi katundu wolemera. Khamu la zoimba kapena la mapemphero siliyenda ngati la mpira: mumakhala amayi obereka ana, okalamba, ndi anthu amene sanalowepo m'malo otere. Kutsekula zipata zonse nthawi yabwino, kuika anthu ooneka bwino olondolera njira, kuwerenga olowa ndi kuleka pamene mipando yatha, zimenezi ndi ntchito za eni bwalo. Koma inunso muli ndi mbali yanu. Tsiku lolowa mwaulere musatumize ana okhaokha, ngakhale alire chotani, ndipo ana aang'ono asapite konse. Mukapita ndi mwana wamkulupo, muikireni m'thumba kapepala kolembapo dzina lake, mudzi wake ndi nambala ya foni ya kwanu, ndipo mupanganiretu malo okakumana mukatayana. Mukaona kuti pachipata padzaza ndipo sipakuyenda, bwererani m'mbuyo msanga, mukadikire patali. Mukapezeka kale pakati pa anthu okankhana, ikani manja pachifuwa kuti mupeze popumira, musalimbane ndi khamu koma muzisendera cham'mbali pang'onopang'ono, ndipo nsapato ikavuka kapena chikwama chikagwa, musawerame kuti mutole. Ambiri amene amafa m'khamu amafa chifukwa chosowa mpweya, ena ali chiimire.

Pobwerera tinapatukira ku Civo, ku Area 9, bwalo lakale la timu ya ogwira ntchito m'boma. Poyerekeza ndi la Bingu limaoneka lokalamba, anthu ambiri amakhala pa masitepe a simenti padzuwa, koma lili pafupi ndi anthu ndipo lazolowera ntchito zosiyanasiyana. Ena a inu munali pamenepo mu November 2021, pamene Ambuye George Desmond Tambala ankalandira udindo wa Arkiepiskopi wa Lilongwe, guwa litaikidwa pabwalo la mpira chifukwa tchalitchi cha Maula sichikanatha kulandira anthu onse. Mabwalo akale otere ndiwo amene amaika boma pa mphambano: kugumula ndi kumanga latsopano, kapena kukonza lomwelo. La Kamuzu ku Blantyre, limene poyamba linkatchedwa Rangeley, ndilo chitsanzo chachikulu. M'menemo mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba mu July 1964. M'menemo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anakumana ndi achinyamata mu May 1989. M'menemonso, pa 4 October 2025, Peter Mutharika analumbiranso kukhala pulezidenti. Linayalidwa kapinga wopanga, wosafuna kuthirira, koma mbali zina za masitepe ake zinatsekedwa chifukwa cha ukalamba, ndipo masewera aakulu a mayiko anasamukira ku Lilongwe. Maganizo athu ndi akuti malo amene anthu anawazolowera, ofikika pa mapazi ndi pa kabaza, ndi chuma chimene sichigulidwa, ndipo kukonza n'kwabwino kuposa kuthawira kutchire kumene kulibe anthu. Anzathu a ku Rwanda anachita zotero ndi bwalo lawo lakale la Amahoro ku Kigali: analikulitsa pamalo pomwepo, nalitsekulanso mu 2024 lokwana anthu 45,000.

Ngakhale ku Roma, bwalo lotchuka la Colosseum, limene linatsekulidwa m'chaka cha 80, masewera atatha linakhala zaka mazana ambiri anthu akugumula miyala yake kukamangira nyumba zina. Chimodzi mwa zimene zinaletsa kugumulako ndi ntchito yatsopano imene linapatsidwa, pamene Papa Benedikto wa 14 anaikamo Njira ya Mtanda. Mpaka lero mapemphero amenewo amachitikira pamenepo pa Lachisanu Loyera.

Dzuwa litapendeka tinalowanso mu M1, ndipo pa sukulu iliyonse ya m'mbali mwa msewu tinaona chinthu chimodzimodzi: fumbi lofiira likukwera, ana opanda nsapato akuthamangira mpira, mitengo iwiri ya bulugamu itaimikidwa ngati golo, atsikana chapambali akuponyera mpira m'chitsulo chopindidwa. Osewera onse amene adzadzaze mipando ya ku Area 48 akuchokera m'fumbi limeneli. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anayambira pa mabwalo otere ku Rumphi. Tabitha anakamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku Italy, kenaka ya ku France, ndipo Temwa anasankhidwa wosewera bwino koposa mu ligi ya ku America mu 2024. Mwai Kumwenda, mwana wa kumudzi ku Mzimba, anasankhidwa wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa manja ku Sydney mu 2015. Palibe mmodzi wa iwo amene anaphunzirira pa kapinga wothiriridwa.

Apa tsono kumbukirani mipanda ya njerwa ija. Mzinda ukubwera kuno ndi mapazi aatali, ndipo malo oyamba kuoneka ngati opanda mwini ndi bwalo, chifukwa ndi losalala, lili pafupi ndi msewu, ndipo palibe chimanga chomerapo. Sililandidwa tsiku limodzi ayi. Chaka chino wina amalima mizere iwiri m'mphepete. Chaka chamawa wina amaumba njerwa kuseri kwa golo nasiya dzenje. Kenaka pamaoneka maziko a okala pakona, ndipo ana amangosendeza mitengo yawo ya bulugamu cham'kati, osadandaula kwa aliyense, pakuti mwana sapita kubwalo la milandu. Tikudziwa midzi imene bwalo lake lafupika kotero kuti woponya kona amaima m'munda wa mwini. Boma likataya bwalo la mumzinda lingathe kukongola ndalama kunja ndi kumanga lina. Mudzi ukagulitsa lake, ndalamazo zimatha mwezi womwewo, ndipo malo ena osalala apakati pa anthu sadzapezekanso.

Chifukwa chake tikupempha mafumu, makomiti a sukulu ndi akuluakulu a m'miphakati kuti chaka chino, mvula isanagwe, muyendere malire a bwalo lanu pamodzi, masana, anthu onse akuona, ndipo eni minda yoyandikana nalo akhalepo. Yezani mamita 105 ndi 68 ngati malo alola, muonjezere danga la oonerera mbali zonse ndi kagawo ka mpira wa atsikana, pakuti iwo ndiwo amayamba kulandidwa. Zimene mwagwirizana zilembedwe pa mapepala atatu, limodzi kwa mfumu, lina ku sukulu, lina kwa gulupu, ndipo mboni zisainire. Kenaka konzani mbande, kuti mvula ikakhazikika mu December mudzabzale mitengo m'malire monse, motalikirana mapazi khumi. Kesha ndi mtangatanga zimakula msanga ndipo zimapirira chilala. Kumbali ya kumadzulo, kumene okalamba amakhala poonerera, bzalaniko kachere kapena mango. Mbande iliyonse itchingidwe ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo kalasi iliyonse ya sukulu ipatsidwe mzere wake wothirira kufikira mitengoyo itapyola msinkhu wa mwana wa Sitandade 1.